Kufufuza ndi kulemba mbiri ya makolo: tiyambire pati, nanga tidziwa bwanji kuti zomwe tapezazo n'zoona?

Thoko_M:
Moni nonse pa gulu pano. Funso langa likupita kwa inu amene mumaidziwa ntchito yofufuza mibadwo. Munthu akafuna kulemba mbiri ya banja lake mpaka ikhale kabuku, ayambire pati? Ayambe kufunsa akuluakulu kapena kusaka pa intaneti? Nanga achibale awiri akamanena zosiyana, akhulupirire uti?

A Chirwa:
Takulandirani a Thoko. Yambirani pa inu nomwe, n'kumabwerera m'mbuyo m'badwo umodziumodzi, osadumpha. Ambiri amayambira kumwamba. Amamva kuti banja lawo linachokera kwa munthu wina wotchuka, ndiye amayamba kutsika naye kufunafuna poti alumikize. Potero amalowetsa anthu a eni m'banja mwawo chifukwa chongofanana maina.

Pa munthu aliyense lembani dzina lonse ndi maina ena onse amene ankadziwika nawo, kumene anabadwira ndi chaka chake, amene anakwatirana naye, ana ake motsatira kubadwa kwawo, kumene anamwalirira ndi kumene anaikidwa. Amayi muziwalemba ndi dzina lakwawo, lomwe anali nalo asanakwatiwe, chifukwa mukawalemba ndi dzina la amuna awo mzere wawo wonse ukusowani.

Kenaka apatseni manambala. Inuyo ndinu 1, bambo anu 2, mayi anu 3. Bambo wa munthu aliyense amatenga nambala ya mwanayo kuchulukitsa kawiri, mayi n'kuwonjezerapo 1. Choncho agogo akuchimuna ndi 4 ndi 5, akuchikazi ndi 6 ndi 7, ndipo makolo a agogowo ndi 8 mpaka 15. Kupatula nambala 1, manambala ogawika pawiri onse ndi amuna, otsalawo ndi akazi. Njirayi imatchedwa Sosa-Stradonitz ndipo mapulogalamu ambiri a mibadwo amaidziwa. Ubwino wake, nambala ikakhala yopanda dzina mumaoneratu pomwe pali mpata.

Chachikulu pa zonse n'chakuti chaka chilichonse ndi dzina lililonse likhale ndi gwero lake pambali: wanena ndani, tsiku liti, kapena chalembedwa m'chikalata chiti, tsamba liti. Mukalemba "1931" popanda gwero, pakapita zaka ziwiri simudzadziwanso ngati munaziona pa chikalata kapena wina anangoganizira.

Mayi Nkhoma:
Ndikugwirizana nawo a Chirwa, koma ndisinthe pang'ono dongosolo lake. Mapepala angadikire, agogo sadikira. Ngati pali wachibale wa zaka 80 kapena kuposerapo amene akulankhulabe bwinobwino, pitani kwa ameneyo mwezi uno, ngakhale manambala musanawakonze.

Kafunsidwe kake ndi komwe anthu amalakwitsa. Musafunse kuti "kodi agogo anabadwa mu 1920 eti?" Wamkulu adzavomera pofuna kukusangalatsani, inu n'kulemba ngati umboni chinthu chomwe mwamuika nokha m'kamwa. Funsani kuti "tandiuzeni za bambo anu, anali munthu wotani, ankagwira ntchito yanji, anabwera bwanji kuno?" Mukatero khalani chete. Akangoti zii kwa kanthawi musathamangire kufunsa china, nthawi zambiri akukumbukira.

Aliyense mufunseni payekha. Mukawasonkhanitsa, wamawu akulu ndi amene amalamulira nkhani, enawo n'kumangoti "eya, n'zoona." Ndiye mumaganiza kuti muli ndi mboni zinayi pamene mboni ndi imodzi. Akamaliza aliyense payekha, pamenepo mukhoza kuwakhazika pamodzi kuti akumbutsane.

Musapyole ola limodzi, munthu wokalamba amatopa ndipo amayamba kusakaniza maina. Bwererani patapita masiku angapo, chifukwa mukachoka mutu wake umapitiriza kufukula zakale. Tengani zithunzi zakale muziwaonetsa chimodzichimodzi n'kufunsa kuti uyu ndani, apa mpati, anajambula pa mwambo wanji.

Wina akati "ameneyo anali mchimwene wake", funsitsani: anali a mimba imodzi? Bambo mmodzi? Kapena anangokulira nyumba imodzi? Mwana wolera, mwana wopeza ndi mwana wobereka onse ndi ana a m'banjamo ndipo onse alembedwe, koma pepala lanu lisonyeze amene anabereka ndi amene analera.

Kondwani_IT:
Pa zojambula mawu. Foni ndi yokwanira. Izimitseni netiweki kuti wina asakuimbireni pakati pa nkhani, muiike pa nsalu yopinda pafupifupi masentimita 30 kuchokera kwa wolankhula, osati pa tebulo louma lomwe limatola phokoso la makapu. Zimitsani wailesi ndi fani. Poyamba penipeni nenani tsiku, malo, dzina lanu, dzina la wofunsidwayo, ndipo iye anene yekha kuti wavomera kujambulidwa. Ngati pulogalamu yanu ikulola, sankhani WAV, mtundu wa fayilo ya mawu yosafinyidwa. Ola limodzi la WAV ya mono pa 44.1 kHz ndi 16 bit limadya pafupifupi 320 MB, si zambiri. Tsiku lomwelo koperani fayiloyo kwina, foni imabedwa.

Thoko_M:
Zikomo kwambiri nonse. Vuto ndi lakuti akuluakulu ambiri sadziwa zaka. Amangoti "kalekale". Pamenepo nditani, mayi?

Mayi Nkhoma:
Musawafunse chaka, afunseni zomwe zinkachitika. Anthu sakumbukira manambala koma amakumbukira nkhondo, mliri, njala, chivomerezi, kusefukira kwa madzi, kumangidwa kwa njanji kapena mlatho, ndi amene ankalamulira. Zina mwa izi zaka zake n'zodziwika padziko lonse: nkhondo yoyamba 1914 mpaka 1918, mliri wa fuluwenza 1918 ndi 1919, nkhondo yachiwiri 1939 mpaka 1945. Nyenyezi ya mchira ya Halley inaoneka mu 1910 ndi mu 1986. Wina akatchula kadamsana amene anadetsa dzuwa masana, bungwe la ku America lofufuza zamlengalenga la NASA lili ndi mndandanda wa akadamsana pa intaneti, wosonyeza tsiku ndi madera omwe aliyense anadutsa.

Mukapeza chochitikacho funsani msinkhu. Nthawi imeneyo anali akuyamwa? Ankayenda? Mano a ukhanda anali atayamba kuguluka? Mano amenewa amayamba kuguluka mwana ali ndi zaka pafupifupi 6, choncho amene anali ndi mpata m'kamwa nkhondo yachiwiri ikutha anabadwa cha m'ma 1938 kapena 1939. Lembani "cha m'ma 1938", musalembe tsiku lomwe simukulidziwa.

Njira ina ndi kusanja ana motsatana. Mukadziwa chaka cha mwana mmodzi ndi mndandanda wa abale ake, ikani zaka 2 kapena 3 pakati pawo. Pakaoneka mpata wa zaka 6 kapena 7, funsani mwaulemu ngati panali mwana amene anamwalira ali wakhanda, kapena ngati bambo anachokapo nthawi yaitali. Ana omwalira ali aang'ono ndi amene amaiwalika kwambiri m'mindandanda.

A Mbewe:
Ine ndiimire mapepala pang'ono, chifukwa pano tawatsitsa. Zokumbukira za anthu zili ndi matenda ake odziwika. Loyamba ndi kufupikitsa mibadwo. Anthu amasunga dzina la kholo loyamba lotchuka ndi maina a mibadwo itatu kapena inayi yaposachedwa, apakati onse n'kugwa. Mapeto ake munthu amene anakhalako zaka 250 zapitazo amatchulidwa ngati agogo a agogo anu. Muyeso wake ndi uwu: m'badwo umodzi umatenga zaka pafupifupi 25 mpaka 30, mzere wa amuna umatalikirapo kuposa wa akazi. Mukakhala ndi maina asanu koma nkhani ikukamba zaka 250, pali maina omwe asowa.

Lachiwiri ndi kuphatikiza anthu awiri a dzina limodzi, agogo ndi mdzukulu wotchedwa dzina lawo. Mukapeza munthu amene anamenya nkhondo ya 1914 komanso anabereka mwana mu 1975, imani kaye. Chimodzimodzi mayi wooneka kuti anabereka ali ndi zaka 9 kapena 58. Amenewo ndi anthu awiri, kapena pali mdzukulu amene analembedwa ngati mwana.

Zikalata zofunika kuzisaka: makaundula a ubatizo, ukwati ndi maliro m'mipingo, makaundula a boma a kubadwa ndi imfa, kalembera wa anthu, mabuku olembetsera ana kusukulu, mapepala a ntchito ndi penshoni, a usilikali, a malo ndi a milandu ya chuma cha masiye, mapasipoti, makalata, zolembedwa pa ziliza ndi m'masamba oyamba a Baibulo la pabanja. Mapepala a chuma cha masiye ndi abwino kwambiri chifukwa amatchula ana onse ndi akazi onse, pakuti aliyense ankafuna gawo lake.

A Chirwa:
N'zoona a Mbewe, koma pepala nalonso linalembedwa ndi munthu amene anauzidwa ndi munthu wina. Funso lofunsa chikalata chilichonse ndi lomwe timafunsa agogo: amene anapereka mawuwa analipo? Chikalata cha imfa n'chodalirika pa tsiku la imfa, chifukwa chinalembedwa pafupi ndi nthawiyo. Koma chaka chobadwa chomwe chili pa chikalata chomwecho ananena ndi mwana kapena mnansi amene kunalibe wakufayo akubadwa. Chiliza chimamangidwa nthawi zina patapita zaka zambiri. Tsiku la ubatizo si tsiku lobadwa, ena anabatizidwa ali ndi ana kale. M'kalembera zaka zimaunjikana pa manambala othera ndi 0 kapena 5, chifukwa wosadziwa zaka zake amangoti 40. Anyamata ankadziwonjezera zaka kuti alembedwe usilikali, akuluakulu ankachepetsa kuti asapume ntchito msanga.

Ndiye poyankha funso lanu lachitatu lija a Thoko, magwero akasemphana musasankhe lomwe lakusangalatsani, ndiponso musawerenge kuti ambiri anena chiti. Lembani onse, ndipo pansi pake fotokozani chifukwa chomwe mwakondera limodzi: linalembedwa pafupi ndi nthawiyo, wonenayo anaona yekha, ndipo analibe chopindula ponama. Mabanja khumi okopera kabuku kamodzi ndi gwero limodzi basi.

A Mbewe:
Pamenepo sinditsutsa. Ndiwonjezere za kalembedwe ka maina. Kalaliki ankalemba zomwe wamva, m'kalembedwe ka chilankhulo chake. Dzina limodzi mulipeza lolembedwa mitundu inayi, ndipo munthu yemweyo akhoza kukhala ndi dzina lakunyumba, la ubatizo ndi lina lomwe analembetsera ntchito. Posaka yesani kusinthanitsa l ndi r, kuchotsa h, kutembenuza dzina loyamba ndi lachiwiri. Pokopera chikalata, koperani monga chalembedwera, zolakwika zomwe, kukonza kwanu kukhale pambali.

Masiku nawo amapusitsa. 03/04/1950 ku United States ndi 4 Malichi, ku Britain ndi 3 Epulo. Inu muzilemba mwezi m'mawu nthawi zonse.

Mukafika poti munthu wanu sakupezekanso, sakani omuzungulira: abale ake, mboni za ukwati wake, amene anamuimira pa ubatizo, anansi olembedwa pafupi naye m'kalembera. Anthu sankasamuka okha. Kwawo kwa agogo anu mwina kunalembedwa pa pepala la mlongo wawo.

Musadabwenso mukauzidwa kuti zikalata zina kulibe. Kalembera wa ku United States wa 1890 anawonongeka ndi moto mu 1921, wa ku England ndi Wales wa 1931 anapsa mu 1942, ndipo nyumba yosungira zikalata ya ku Dublin, ku Ireland, inapsa mu 1922. Zina zilipo koma zimatsekedwa dala poteteza amoyo: ku United States kalembera amatsegulidwa pakatha zaka 72, ku England pakatha zaka 100. Musanapite kunyumba yosungira zikalata lembani kalata kapena imbani, mufunse ngati kaundulayo alipo, ngati amalola kujambula ndi foni, ndi chiphaso chomwe akufuna.

Nachisale:
Bambo Mbewe, nanga za pa intaneti zija? Pali mitengo ya mabanja, ndiye kuti mindandanda ya mibadwo, yokonzedwa kale, munthu ungathe kungolumikiza wako.

A Mbewe:
Ayi mayi, musalumikize. Mitengo ya anthu ena itengeni ngati mphekesera yoti mukaifufuze. Ngati palibe chithunzi cha chikalata kumbuyo kwa dzinalo, musalilowetse. Webusayiti ya FamilySearch ndi yaulere ndipo ili ndi zithunzi za makaundula a m'maiko ambiri, koma mtengo wake waukulu ndi wa onse, aliyense akhoza kusintha zomwe mwalemba. Makaundula ambiri kumeneko sanalembedwe m'ndandanda wosakira, ndiye kulemba dzina n'kusapeza kanthu sikutanthauza kuti munthuyo mulibe, muyenera kutsegula zithunzi za kaundula wa dera lakelo tsamba ndi tsamba. Mawebusayiti a Ancestry ndi MyHeritage n'zolipira ndipo zolemera kwambiri pa zikalata za ku Europe ndi North America. Ngati kholo lanu linafera pa nkhondo ziwiri zija kumbali ya Britain, bungwe losamalira manda a ofera pa nkhondozo la Commonwealth War Graves Commission lili ndi maina pafupifupi 1.7 miliyoni osaka mwaulere, ngakhale bungwelo linavomera mu 2021 kuti asilikali ndi amtengatenga ambiri a ku Africa ndi Asia sanalembedwe maina.

Kondwani_IT:
N'chifukwa chake ntchito yanu yeniyeni izikhala pa kompyuta yanu. Gramps ndi pulogalamu yaulere yogwira popanda intaneti pa Windows, Mac ndi Linux. Nthawi ndi nthawi tulutsani fayilo ya GEDCOM, yomwe mapulogalamu a mibadwo pafupifupi onse amatha kuiwerenga. Dziwani kuti GEDCOM wamba imanyamula maina ndi zaka, zithunzi sizinyamula, zimenezo muzisunga panokha.

Zikalata sikanani pa 300 dpi (dpi ndi muyeso wa kuoneka bwino kwa chosikanacho), zithunzi pa 600 dpi, tizithunzi tating'ono ta chiphaso pa 1200 dpi. Sikanani kumbuyo komwe, n'kumene kumakhala maina ndi chidindo cha wojambula. Sungani chosikanacho ngati fayilo ya mtundu wa TIFF yosakhudza, zokonzakonza muzichita pa kope. Dzina la fayilo liyambe ndi chaka, kenaka mwezi, dzina la munthu ndi mtundu wa chikalata, kuti zizisanjika zokha. Achibale akamakutumizirani pa WhatsApp auzeni atumize ngati document, apo ayi chithunzi chimafinyidwa, zilembo zing'onozing'ono n'kufufutika. Makope akhale atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kunja kwa nyumba yanu.

Mapepala enieniwo musawamate pulasitiki ya moto. Kutentha ndi guluu wake zimawononga pepala ndipo sizimatukanso. Selotepi imasiya banga lachikasu, mapini amachita dzimbiri, malabala amasungunukira pa chithunzi. Kumbuyo kwa chithunzi lembani ndi pensulo yofewa m'mphepete, bolopeni imaboola ndi kudontha. Sungani mu envelopu yopanda asidi, malo ouma, kutali ndi denga lotentha komanso pansi pomwe pamafika chinyezi ndi chiswe.

Nachisale:
Nanga kuyezetsa DNA sikungafupikitse ntchito yonseyi?

Dr_Gondwe:
Kumathandiza pa funso limodzi: kodi anthu awiriwa ndi apachibale, moyandikana bwanji? Maina a makolo sikukupatsani. Mayeso alipo a mitundu itatu. Y-DNA imatsata mzere wa bambo, bambo awo, mpaka kumwamba, ndipo amayezetsa ndi amuna okha. DNA ya mitochondria imatsata mzere wa mayi, mayi awo. Pa makolo 1,024 a m'badwo wa 10, uliwonse mwa mayeso awiriwa ukukuuzani za munthu mmodzi yekha. Wachitatu, wa autosomal, ndi umene makampani ambiri amagulitsa, umaona mbali zonse koma umafika mibadwo pafupifupi 5 kapena 6.

Muyeso wa DNA yomwe anthu awiri amagawana ndi centimorgan, mwachidule cM. Kholo ndi mwana amagawana pafupifupi 3,500 cM, ana a anthu apachibale cha mimba imodzi pafupifupi 850, adzukulu a anthu a mimba imodziwo pafupifupi 230. Koma nambala imodzi imakwanira maubale angapo. Pafupifupi 1,750 cM akhoza kukhala agogo ndi mdzukulu, amalume ndi mwana wa mlongo wawo, kapena abale a bambo mmodzi amayi osiyana. Zaka za anthuwo ndi mapepala ndi zomwe zimasiyanitsa. Mukapita patali chibale chenicheni chikhoza kusaoneka konse, ndiye kusapezeka kwa DNA yofanana kwa wachibale wakutali si umboni woti nkhani ya agogo ndi yabodza. Yambani kuyezetsa wamkulu kwambiri m'banjamo, chifukwa m'badwo uliwonse umataya theka la DNA ya kholo.

Maperesenti a "mtundu" wanu omwe makampaniwa amatumiza ndi zotsatira musawalembe m'buku ngati choonadi. Amangoyerekeza inu ndi magulu a anthu omwe kampaniyo inayeza, ndipo amasintha kampani ikawonjezera anthu. Amene achibale ake sanayezetse sapezanso ofanana naye ambiri.

Musanalavulire m'kabotolo koyezera DNA ganizirani ziwiri. Zotsatira zikhoza kuonetsa kuti bambo wolera si wobereka, kapena kutulutsa m'bale amene banja silinkamudziwa, ndipo zikadziwika sizibwezeka. Komanso DNA yanu ndi ya abale anu omwe. Kampani ya 23andMe inaberedwa mbiri za makasitomala mu 2023 ndipo inalengeza kugwa pa chuma mu 2025. Werengani zomwe kampani imachita ndi malovu ndi zotsatira zanu musanatumize.

Thoko_M:
Mwandithandiza kwambiri. Chotsala ndi kulembako. Munthu amadziwa bwanji kuti zakwana, ayambe?

Mayi Nkhoma:
Sizikwana, mwanangu. Dulani malire nokha: banja limodzi la agogo ndi zidzukulu zawo, kapena mibadwo inayi ya mzere umodzi. Mutu uliwonse ukhale wa banja limodzi, uyambe ndi nkhani, mndandanda wa maina ndi zaka ubwere kumapeto kwa mutuwo. Kulemba n'kumene kumaulula mipata, chifukwa chiganizo chimakana kutha pomwe simukudziwa.

Mawu anu azisonyeza kulemera kwa umboni. "Kaundula wa ubatizo akusonyeza kuti", "mdzukulu wawo anafotokoza mu 2024 kuti", "zikuoneka kuti". Musalembe zomwe kholo linkaganiza kapena kumva mumtima ngati silinanene lokha. Mbiri ya dera ndi nthawiyo mukhoza kuiikamo, monga malamulo a msonkho, mayendedwe ndi matenda a nthawiyo, koma musanene kuti zinamuchitikira iyeyo popanda umboni. Mawu a akuluakulu alembeni m'chilankhulo chomwe analankhula, musawakongoletse.

A Chirwa:
Pa nkhani zowawa, ndende, ana akunja, misala, kudzipha, ine ndimati zolembedwa m'zikalata za anthu omwe anamwalira kale zilembedwe mosabisa, popanda kuweruza. Mukazichotsa, wodzafufuza pambuyo panu adzazipezabe ndipo adzakayikira buku lonse.

Mayi Nkhoma:
Apo tisiyana pang'ono achimwene. Womwalirayo ali ndi mwana wamoyo amene mwina sanauzidwe, ndipo si bwino akazimvere m'buku pamaso pa abale onse. Konzani makope awiri. Lathunthu likhale ndi zonse ndi magwero ake, lisungidwe ndi anthu awiri odalirika, lolembedwa pachikuto chaka chomwe lingatsegulidwe. Logawa lichotse zomwe zingapweteke amoyo, koma lisaname m'malo mwake, lingodumpha. Zomwe wamkulu anakuuzani atati "izi musalembe", musalembe m'kope lililonse.

A Chirwa:
Makope awiriwo ndavomera. Ndiwonjezere kuti m'kope logawa, makamaka loika pa intaneti, amoyo alembedwe maina okha ngati avomera, popanda tsiku lobadwa ndi dzina lakwawo la mayi awo, chifukwa zimenezi ndi zomwe akuba amayankhira mafunso achinsinsi a kubanki. Ana aang'ono asaikidwemo popanda chilolezo cha makolo awo.

Musanasindikize zambiri, tulutsani makope 5 kapena 6 okha, masamba akhale ndi mpata waukulu m'mbali, mupereke kwa akuluakulu a nthambi zosiyana pamodzi ndi cholembera. Amene sanayankhe mafunso anu amayankha msanga akaona dzina la mayi awo litalakwika. Zokonza zawo zilembeni ngati magwero atsopano, ndi dzina la wokonzayo ndi tsiku. Kumapeto ikani mndandanda wa maina onse ndi masamba omwe akupezeka, amayi alembedwe kawiri, pa dzina lakwawo ndi la ukwati, ndipo pachikuto lembani chaka ndi kuti ili ndi kope loyamba.